Nsomba yamakona anayi imene ndinaiona ku Nacala ndi nsomba yanji?

Wathiraki wa ku Balaka:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimayenda ndi thiraki pakati pa Blantyre ndi doko la Nacala. Tikudikira katundu ndinatsikira kugombe kukafuna ndiwo, ndiye pa nsomba zimene asodzi anavuula panali kena kachikasu ka madontho akuda, thupi lamakona anayi, kamlomo kosongoka. Nditakagogoda ndi chala kanali gwa! Asodziwo anangokaponya pambali, ndipo Chipwitikizi changa chinathera pomwepo. Ndi nsomba yanji imeneyi? Imadyedwa?

Mayi wa Biology:
Achimwene, imeneyo ndi yellow boxfish, pa sayansi Ostracion cubicus, dzina limene anaipatsa katswiri wa zamoyo Linnaeus mu 1758. Imakhala m'matanthwe a pansi pa madzi opangidwa ndi tizamoyo totchedwa korali, m'nyanja za Indian ndi Pacific, choncho ku Nacala ndi kwawo ndithu. M'nyanja yathu simungaipeze chifukwa ndi ya m'madzi amchere.

Kulimba munamvako ndi timafupa tamakona 6 tolumikizana pansi pa khungu, tokuta thupi lonse ngati chigoba cha kamba. Pongotsala mipata ya maso, kamwa, makha, zipsepse ndi mchira. Ndiye thupi silipindika, imangopalasa ndi tizipsepse pang'onopang'ono. Munaona inuyo inali yaing'ono. Ikamakula chikasu chija chimazilala, ndipo imatha kufika masentimita 45. Imadya ndere, nyongolotsi za m'madzi, tinkhono ndi tinkhanu.

Mlongo wa ku Durban:
Zodyazo ayi bambo, asodziwo anadziwa chimene amachita. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi. Kansombaka kakachita mantha kapena kakamafa, khungu lake limatulutsa mamina a poizoni otchedwa pahutoxin. Kunyanja poizoniyo amangobalalika, chilombo n'kuthawa. Koma m'thanki madzi ndi omwewo. Kasitomala wina anaumirira kukaika pamodzi ndi nsomba zimene zinkakathamangitsa, kutacha anapeza zonse zili chagada, ikonso komwe. Kuyambira pamenepo wofuna kugula ndimayamba ndamufunsa kuti m'thanki mwake muli ndani. Ndi pachibale ndi pufferfish, ija imadzifufumitsa, ndipo banja lonselo ndimaliopa pa mbale.

Makaniko wa ku Ndirande:
Ine ndinaidziwira ku magalimoto. Mu 2005 a Mercedes-Benz anaonetsa galimoto yoyeserera yotchedwa Bionic, ndipo maonekedwe ake anatengera nsomba yomweyi, ati imadula madzi bwino komanso siyendera mbali. Galimotoyo sanaigulitse, koma inali yoseketsa kuiona.

Mayi wa Biology:
Amakaniko, nkhani imeneyo inatembenuka. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Antwerp ku Belgium anayeza thupi la nsombayi n'kupeza kuti limakokana ndi madzi kuposa la nsomba wamba, komanso silikhazikika, limapatuka msanga. Kwa ine apa ndiye pokoma. Nsomba yokhala m'mikwasa ya korali liwiro ilibe nalo ntchito, poti chigoba ndi poizoni zikuitchinjiriza kale. Chimene imafuna ndi kutembenuka pamalo pomwepo n'kulowetsa kamlomo m'ming'alu, ndipo kusakhazikika kuja ndiye kumaithandiza.

Wathiraki wa ku Balaka:
Zikomo nonse. Koma amakaniko, galimoto yotembenuka pamalo pomwepo ndingaikonde ine pa geti la kudoko lija. Mlongo wa ku Durban, nanga ine ndinakagwira ndi manja, pali vuto?

Mlongo wa ku Durban:
Poizoniyo amapha nsomba polowera m'makha, ndiye kugogoda kokha musade nkhawa. Mukadzakagwiranso sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso kapena nsima.