Za fomu ya Tadala

Amayi a Tadala: Moni nonse. Tadala wakhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu pa MSCE. Tsopano fomu ya NCHE, yofunsira malo ku mayunivesite a boma, yativuta. Iye akuti biomedical, bambo ake akuti pharmacy. Achimwene, tithandizeni tisanalipire.

Malume Fatsani: Achemwali, pharmacy ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, amayamba ndi chaka cha foundation, kenako zaka 4. Akamaliza achita internship, kutanthauza kugwira ntchito moyang'aniridwa, ndiyeno alembetse ku PMRA, bungwe loona za mankhwala. Chiphaso cha PMRA ndiye chuma chake. Pharmacy yeniyeni, kaya ku Limbe kaya pa Luchenza, sipatsidwa layisensi popanda pharmacist wolembetsedwa. Sindikunena timasitolo ta mankhwala tating'ono ayi. Choncho boma likachedwa kulemba anthu ntchito, akhoza kulowa kumakampani oitanitsa mankhwala, kapena kudzatsegula yake akapeza mpamba.

Azakhali Esnart: Achimwene anena zoona. Ine ndichenjeze pa dzina loti biomedical, chifukwa ana ambiri amasokera pomwepo. Ku Malamulo, pa Makwasa pompano, biomedical sciences ndi ntchito ya mu labu ya chipatala: kuyeza malungo pa microscope, makhololo a TB pa makina a GeneXpert, kufananitsa magazi asanamuwonjezere wodwala. Koma biomedical engineering ya ku yunivesite ya MUST, ku Ndata, ndi ya makina a m'chipatala, sagwira magazi a munthu. Funso lofunsa pa kosi iliyonse ndi ili: womaliza, Medical Council of Malawi, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala, imamulembetsa? Ngati ayi, chipatala sichingamulole kutulutsa zotsatira za wodwala, ngakhale digiri ali nayo m'manja.

Bambo a Tadala: Alamu, nanga ntchito zake zimapezeka kuti?

Azakhali Esnart: Zipatala za boma, za mipingo za CHAM ngati Mulanje Mission, Malawi Blood Transfusion Service, komanso kafukufuku, monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe. Za kafukufukuzi zimayendera kontrakiti, ndalama za projekiti zikatha ntchito yathanso. Tonse tinaona mu 2025 thandizo la USAID litaimitsidwa. Ndipo kuti akwere kumeneko adzafunika masters, ndiye banja tidziwiretu kuti sukulu sidzathera pa digiri yoyamba.

Tadala: Azakhali, ine mtima uli ku labu. Kuwerenga mapilitsi tsiku lonse sindingathe.

Malume Fatsani: Pharmacy si kuwerenga mapilitsi kokha, mwana wanga. Pharmacist ndiye amagwira dokotala akalemba mlingo wolakwika kapena mankhwala awiri osayenera kumwera pamodzi. Koma sitikukakamiza. Ngati ndi labu, ika Medical Laboratory Science ya ku KUHeS poyamba, pharmacy pachiwiri. Usadzaze mipata yonse ndi makosi olimbirana kwambiri, ikamo ina ya ku Mzuni kapena MUST kuti usatsale.

Amayi a Tadala: Nanga fizi?

Malume Fatsani: Mayina akatuluka apemphe ngongole ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a ku yunivesite, nthawi yomweyo, ochedwa amaphonya. Chiphaso cha unzika chikhale pafupi. Ngongoleyo siikwanira zonse, laputopu, thiransipoti ndi malo ogona zidzatiyang'ana ifeyo.

Azakhali Esnart: Ine mawa ndiimba ku Medical Council kufunsa za makosi amene wasankhawo. Ndalama ya fomu nditumiza pa Airtel Money madzulo ano.

Bambo a Tadala: Zikomo alamu. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tikumane kwa agogo ku Chisitu 2 koloko, tikagawane za laputopu. Tadala ubwere ndi fomuyo usanaitumize, azakhali ako aione kaye.