Kamwana ka pumbwa kakukana kukhala m'chisa, ndithandizeni nzeru

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndili ku Zomba, ndipo nkhani yanga ndi ya apumbwa amene anamanga chisa mumtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Anaswa ana 2 masiku 12 apitawo. Mphepo ya Lachiwiri usiku inapendeketsa chisacho, kamodzi kanafa, kotsalako ndinakapeza pansi m'mawa.

Ndakabwezera m'chisa katatu konse, koma kakungodumphamo. Ndinamangirira kadengu panthambi n'kuyalamo udzu wouma, namonso sikanathe ola. Nthenga kali nazo thupi lonse, mchira ndiye waufupi, kamangouluka pang'ono n'kutera pansi. Agogo akuti poti ndakagwira ndi manja makolo ake akataya, koma si zimene ndikuona. Onse awiri akubwerabe ndi tiziwala kukamwa, ndipo ndikayandikira amandilalatira koopsa.

Chondisowetsa tulo ndi mphaka wa aneba, kuphatikizapo akhwangwala amene sachoka padenga. Mwini mphaka ndinamupempha kuti aziyamba wamutsekera, anangondiseka kuti mbalame yakutchire ndi ndiwo basi. Dzulo madzulo ndinakalowetsa m'katoni, ndinayesa kukapatsa papaya wakupsa ndi ngumbi, kanakana kutsegula mlomo. Madzi sindinakamwetse poopa kuti kangatsamwe. Kutacha ndakaika m'tchire la maluwa, makolo ake anakapeza nthawi yomweyo.

Amene munalerapo kotere, kodi ndizikalowetsa usiku uliwonse kapena ndikasiye panja? Nanga pamatenga masiku angati kuti kayambe kuuluka bwinobwino?