Kunjenjemera kukufika kosokonekera kwa agogo, cholakwika chili pati?

Wa_ku_Area25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupanga tizida tiwiri tokwana m'dzanja, kena kanga kuno ku Lilongwe, kena ka agogo anga aakazi ku Ntcheu. Makutu awo anafooka, foni ikalira saimva, ndipo mameseji sawerenga. Ndikufuna ndikadina batani kuno kawo kanjenjemere, iwonso akadina kanga kayankhe. M'kalikonse muli ESP32 (kabodi kakang'ono ka kompyuta kokhala ndi Wi-Fi), batani ndi kamota kamene ndinazula m'foni yakufa, ndipo mauthenga akudutsa pa MQTT, njira imene tizida timatumizirana mauthenga aafupi pa intaneti. Koma ndikadina kawiri mofulumira kenako kamodzi motalika, uko zimafika ngati phala, kunjenjemera kumodzi kopanda mutu.

Fundi_Mawaya:
Achimwene, ndikukhulupirira mukutumiza "yatsa" ndi "zimitsa" payekhapayekha nthawi imene chala chikudina. Netiweki sinyamula mauthenga pa liwiro limodzi: wina amachedwa, wina amathamanga, ena amafika pamodzi, ndiye mipata ija imafufutika. Lolani kachida kanu kayambe kamvetsera kadinidwe konse, kalembe mamilisekondi (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), monga 150 yatsa, 200 pumula, 150 yatsa, 200 pumula, 600 yatsa, kenako katumize zonsezo mu uthenga umodzi. Kwa agogo kakaseweretse komweko. Uthengawo ukachedwa sekondi imodzi palibe angadziwe, koma mipata ikasokonekera tanthauzo latha.

Chachiwiri ndi kamotako. Ka m'mafoni akale nthawi zambiri ndi ERM, kamazungulitsa kachitsulo kolemera mbali imodzi, choncho kamachedwa kuyamba komanso kamapitirira pang'ono mukazimitsa. Pezani LRA, kamota kamene kachitsulo kake kamayenda uku ndi uku m'malo mozungulira, pamodzi ndi DRV2605L, chipu yoyendetsa mota ya kampani ya Texas Instruments, imene imatha kuimitsa mota mwadzidzidzi ndipo ili kale ndi mitundu 123 ya kanjenjemeredwe. Ngati mukhalabe ndi ERM, musaimange molunjika pa pini ya ESP32. Ikanipo transistor ndi diode, apo ayi muotcha bodi.

NaChisale_UX:
Zamawaya anena bwino afundi. Ine nkhawa yanga ndi yoti mukonzera agogo chilankhulo chimene inuyo nokha mukuchimva. Khungu limamva bwino kunjenjemera kwa pafupifupi 250 Hz (kugwedezeka ka 250 pa sekondi), koma kusiyanitsa "champhamvu pang'ono" ndi "champhamvu kwambiri" kumavuta, makamaka zala za munthu wamkulu amene wagwira khasu moyo wonse. Chimene munthu amagwira msanga ndi kaimbidwe: kufupika, kutalika, kupumira. Mauthenga atatu akwana: ndili bwino, ndiimbireni, bwerani msanga. Ndipo asankhe okha kagogodedwe kake, mwina kamene amagogodera pakhomo.

Ku MIT Media Lab, malo a kafukufuku a yunivesite ya MIT ku America, Scott Brave ndi Andrew Dahley anapanga chida chotchedwa inTouch mu 1997: timitengo titatu togubuduzika mbali iliyonse, wina akagubuduza kwake, kwa mnzake tinkayendanso. Panalibe zilembo zoloweza, anthu ankangomvana ndi manja. Musaiwalenso kakunjenjemera kakafupi kouza agogo kuti uthenga wafika, kupanda apo adzadina mpaka batani lithyoke.

Mjomba_Solar:
Nanga Wi-Fi kumudziko muitenga kuti? Mukaika SIM800L, bodi yolowetsamo SIM khadi kuti kachida kagwire netiweki ya foni, dziwani kuti imakoka magetsi mpaka 2A potumiza, kabatire kofooka kamangozima. Komanso agogo akakamangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama, sakamva n'komwe. Kakhale ndi lamba wa pamkono.

Wa_ku_Area25:
Zikomo nonse. Msuweni wanga amakhala nawo ndipo ali ndi foni ya hotspot, ndiyambira pomwepo. Za lamba amalume mwanena zoona, foni yawo imagona m'chitenje momwemo. Afundi, LRA kuno ndingaipeze, kapena ndiyitanitse kunja?