Mwana wasinthiratu chichokere bambo ake, ndithandizeni maganizo

Abale anga, achimwene anawabweza kuno kumudzi kuchokera ku Johannesburg mu Meyi chifukwa chosowa mapepala. Anasiya mwana wamkazi wa zaka 8, nzika ya South Africa popeza mayi ake ndi akonko.

Alamu anga akuti mwanayu wayambanso kukodza pogona, sakudya bwino, ndipo akaona galimoto ya apolisi amathamangira kuseri kwa chitseko. Chikundipweteka kwambiri n'choti bambo ake akaimba pa WhatsApp amakana kuwayankhula, akuti anamuthawa. Poyamba paja anangomuuza kuti apita kuntchito.

Kodi timuuze zoona pamsinkhu umenewu? Nanga kumubweretsa kuno pa tchuthi cha Disembala kungamuthandize, kapena kusiyananso kudzangomuwonjezera ululu? Amene muli ku Joni, aphungu a ana osadula kwambiri mumawapeza kuti?