Ndili ndi K200,000 yotsatsira tsabola wanga, ndiilowetse pati?

MayiWaKambuzi

Moni abale nonse. Ndimakhala ku Zomba, ndipo papita zaka ziwiri ndikuphika tsabola wa m'mabotolo. Tsabola wa kambuzi ndimakaoda kwa alimi a kumudzi kwathu, ndimamusinja pamodzi ndi adyo ndi anyezi, n'kuthira viniga, mchere ndi mafuta ophikira pang'ono. Sabata ikayenda bwino ndimatulutsa mabotolo 60. Ondigula ndi azimayi anzanga a kutchalitchi, anyamata awiri a chiwaya cha tchipisi pafupi ndi depoti, ndi golosale imodzi ya ku Chinamwali. Zaka ziwiri zonsezi nkhope zake ndi zomwezo.

Mwezi watha tinagawana ndalama ku banki m'khonde, ndipo ndapatula K200,000 kuti ikhale yotsatsira malonda. Mtima uli m'mwamba chifukwa chaka chatha ndinatayapo kale ina. Ndinalipira K40,000 kwa mtsikana wina amene ali ndi omutsatira ambirimbiri pa Facebook. Anajambulitsa atanyamula botolo langa, chithunzi chokongola ndithu, ndipo ma like anapitirira chikwi. Usiku umenewo ndinakhala pamphasa n'kumawerenga ndemanga imodziimodzi. Anthu ankayamikira diresi yake, tsitsi lake, ena kumufunsa kumene anagula nsapato. Amene anandiimbira foni anali atatu, wogula mmodzi. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama imeneyo inali ya masiku angati ndikusenda adyo mpaka zala kuwotcha.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi botolo la Nali. Pali mawu awiri okha achichewa: "Abale samalani". Ndili mwana, malemu bambo anga akatenga botolo lija ankayamba awerenga mawuwo mokweza asanathire pa chambo, ife n'kumaseka, ndipo mpaka lero sindinawaiwale. Mawu ochenjeza munthu, koma ndi omwewo amene amamupatsa chidwi choti alaweko. Inenso ndikufuna chinthu chokhalitsa m'mutu mwa munthu chonchi.

Ndiye ndithandizeni nzeru. Ndipite ku wayilesi? Ndilipire Facebook yeniyeniyo kuti izionetsa malonda anga? Kapena ndilembetse chikwangwani? Amene munayesapo, ndiuzeni mmene zinayendera.

Wazikwangwani_Limbe

Mayi, pepani ndi ndalama yapitayo. Ine ndalemba zikwangwani ndi kupenta makoma zaka zoposa 30, ndiye ndilankhula za mbali yangayi.

Makampani a foni ali ndi ndalama zotsatsira pa wayilesi, pa kanema, paliponse. Nanga n'chifukwa chiyani ankalimbirana makoma a magolosale m'ma trading centre, kumapenta ulere? Pali golosale ina panjira yopita ku Thyolo imene khoma lake ndinaliona likusintha kawiri. Linali la Celtel, mu 2008 dzina litasintha linakhala la Zain, mu 2010 n'kukhala lofiira la Airtel. Tsidya lina la msewu kuli lobiriwira la TNM. Anthu amenewa anadziwa kuti khoma silitha bandulo. Munthu akudikira minibasi amaliona lero, mawa, chaka chamawa, osalipira kanthu.

Inu khoma lanu mulinalo kale, ndi anyamata a chiwaya aja. Munthu waima pamenepo, tchipisi chili m'mafuta, alibe chochita, njala yamugwira. Nthawi yabwino yomuonetsa dzina la tsabola kuposa imeneyo palibe. Lembetsani timabolodi ting'onoting'ono ta malata, kamodzi pa chiwaya chilichonse, ndipo musathere pa awiriwo, yendani mupeze khumi. Aliyense mumupatse botolo loyamba laulere loti makasitomala azithira, ena awiri ogulitsa aziika poonekera.

Pa bolodipo pasachuluke zolemba. Anthu ambiri akabwera kwa ine amafuna ndilembe zonse: zimene athiramo, vesi la m'Baibulo, manambala a foni atatu, "quality is our priority". Ndimawauza kuti abwerere m'mbuyo mapazi khumi kenako awerenge, ndipo amalephera okha. Dzina, mawu awiri kapena atatu, nambala imodzi, basi. Zilembo zoyera kapena zachikasu pa penti wofiira, ndipo akhale penti wamafuta, chifukwa pa chiwaya pali utsi ndi mafuta, pamafunika kupukuta ndi nsalu yonyowa. Penti wamadzi satha nyengo imodzi ya mvula.

Koma ndikufunseni, Mayi. Mwalemba zonsezi, dzina la tsabola wanu simunalitchule. Pa botolo munalemba chiyani?

MayiWaKambuzi

Bambo, pa botolo pamangolembedwa "Homemade Chilli Sauce" ndi nambala yanga ya foni. Dzina lenileni alibe.

Nasibeko_Area25

Mayi, vuto lagona pamenepo, ndipo Bambo a ku Limbe aligwira. Ine ndimagwira ntchito yotsatsa malonda ku Lilongwe kuno. Munthu amene analawa tsabola wanu kwa mnzake n'kumukonda, akafika pa golosale anena kuti akufuna chiyani? "Homemade" ali pa botolo la aliyense. Ngakhale mtsikana wa pa Facebook uja akanachita bwino ntchito yake, anthu analibe dzina loti aligwire.

Taonani mayina amene anakhazikika kwathu kuno. Bungwe la PSI litabweretsa makondomu mu 1994 linawatcha Chishango. Maneti a udzudzu linawatcha Chitetezo, mankhwala a mwana wotsegula m'mimba Thanzi. A TNM ndalama za pa foni anazitcha Mpamba, mawu amene mayi aliyense wa geni amawatchula tsiku ndi tsiku. Palibe dzina limodzi mwa amenewa lofuna kumasulira. Nthawi zinanso ogula amatcha okha. Carlsberg anatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, koma ku bala munthu amangoti "Green" potengera mtundu wa pepala la pa botolo. Ndiye musanakhale pansi kuganiza dzina, pitani ku chiwaya mukamve mmene anyamata aja ndi makasitomala awo amamutchulira tsabola wanu. Mwina dzina lilipo kale.

Za Facebook ndinena mosabisa. Kulipira kuti izionetsa malonda anu kumafuna khadi la ku banki lolipirira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku, komanso kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, K200,000 yanu ikasanduka madola ndi yochepa zedi. Chimene chikugulitsa katundu wa anthu ang'onoang'ono masiku ano ndi status ya WhatsApp, chifukwa amene amaiona ndi anthu okudziwani, ndipo kuyankha ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kumachitikira pa foni yomweyo. Koma musamangoika chithunzi cha botolo lili pa tebulo. Jambulani manja anu akusinja, nthunzi ikutuluka m'poto, munthu akuthira pa kanyenya n'kupukuta thukuta. Kavidiyo ka masekondi 20 kakwanira. Kenako pemphani azimayi a kutchalitchi aja kuti tsiku limodzi pa sabata aziika pa status zawo. Azimayi 15, aliyense ali ndi manambala mazana m'foni mwake, ndipo ambiri mwa anthuwo ali mu Zomba momwemo, kumene mungathe kutumiza botolo pa kabaza.

Pali njira ina imene ndimaikonda. Coca-Cola ku Australia mu 2011 inachotsa dzina lake mbali imodzi ya botolo n'kulembapo mayina 150 a anthu, ndipo ogula ankasakasaka botolo la dzina lawo kapena la wokondedwa wawo. Njirayi inafalikira m'maiko ambiri. Kampani yaikulu imafuna makina kuti ichite zimenezi, inu mukungofuna pulinta ya pa stationery. Pa chinkhoswe, pa ukwati, pa bridal shower, timabotolo ting'onoting'ono tolembedwa mayina a akwati tikhoza kukhala mphatso ya alendo. Mwini ukwati amakulipirani, ndipo alendo 200 amapita kunyumba ndi nambala yanu.

Zinthu ziwiri zoti musamale. Musalembe kuti tsabola wanu amachiza BP kapena shuga ngati mmene ena akuchitira. Kutsatsa konama n'kolakwira malamulo, ndipo a Competition and Fair Trading Commission amatsata nkhani zoterezi. Chachiwiri, masitolo akuluakulu adzakufunsani chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Ndikanakhala inu, gawo lina la ndalamayi ndikanaliika pa lebulo yabwino yokhala ndi tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu, n'kuyamba kufunsa ku MBS zoyenera kuchita.

Mjoni_waku_Rosettenville

Moni Amayi, ndikulemba ndili ku Johannesburg. Kumene ndikukhala kuno ku Rosettenville ndi kumene Nando's inayambira mu 1987, kalesitilanti kamodzi kokha. Tsabola wawo wa peri-peri amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Mozambique, Zimbabwe ndi kwathu ku Malawi. Ndimati ndikadya nkhuku yawo ndimaganiza kuti tsabola ndi wathu, koma dzina ndi lawo, ndipo ndalama zambiri zimatsata dzinalo.

Iwowa anatchuka ndi nthabwala. Nkhani ikangobuka m'dziko, mawa lake atulutsa kale chithunzi chokhala ndi mawu ochepa oseketsa, anthu n'kumatumizirana okha pa foni. Kampani siilipira kanthu pa kutumiziranako. Ichi ndi chimene mungatengereko: mawu oti munthu akawerenga afune kuonetsa mnzake. "Abale samalani" amagwira ntchito yomweyo.

Koma nthabwala ili ndi malire ake. Mu 2011 anatulutsa kanema wa munthu wofanana ndi Robert Mugabe atakhala yekhayekha pa tebulo la chakudya, akukumbukira masiku amene ankasewera ndi Gaddafi, Saddam Hussein ndi Idi Amin. Kuno anthu anaseka, koma ku Zimbabwe ogwira ntchito awo anayamba kuopsezedwa, ndipo kanemayo anamuchotsa. Inu mumagulitsa kwa anthu a zipani zonse ndi mipingo yonse, ndiye ndale ndi zachipembedzo zisakhudze botolo lanu. Sekani za thukuta, za misozi ya tsabola, za mlamu amene amati samva kuwawa.

China, tsabola wakwathu tikumusowa kuno. Amene amabwera pa basi timawatuma Nali, ufa, usipa ndi matemba. Botolo lanu likakhala lotsekeka bwino loti silingatayikire m'chikwama, msika wina uli m'magulu a WhatsApp a Amalawi a kuno.

Mphunzitsi_waku_Domasi

Ine ndikuona kuti wayilesi mwaipeputsa msanga. Kumudzi kuno anthu ambiri bandulo amagula ya tsiku limodzi, koma Zodiak ndi MBC zimalira kuyambira m'mawa mpaka usiku, m'golosale, kumunda, pa njinga. Mayi anga sanaonepo status ya munthu, koma nyimbo zotsatsira sopo za zaka 20 zapitazo amaziimba mpaka lero.

Nasibeko_Area25

Aphunzitsi, mukunena zoona, wayilesi imafika kumene foni siifika. Koma nyimbo zimene amayi anu amaimbazo anazimva kambirimbiri, miyezi ndi miyezi. Wayilesi imafuna kubwereza, ndipo kubwerezako ndi kumene kumadya ndalama. Komanso munthu wa ku Karonga akamva n'kufuna tsabolayu, akamupeza kuti? Mabotolo 60 pa sabata sangakwanire dziko lonse. Tsabola akayamba kupezeka m'magolosale ambiri a mu Zomba, apo wayilesi ya m'dera momwemo ikhala ndi ntchito.

MayiWaKambuzi

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri. Dzulo madzulo ndinapita ku depoti monga ananenera a Nasibeko. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi chiwaya osanena kanthu, ngati kasitomala wamba. Panabwera kondakitala wa minibasi, thukuta lili kamukamu, ndalama atazipinda pakati pa zala. Anagula tchipisi, n'kuloza botolo langa ndi chibwano, amvekere, "Aise, tandithirire kamoto kaja." Mnyamata wa chiwaya sanafunse n'komwe, anangotenga botolo n'kuthira. Nditamufunsa pambuyo pake anati onse pamenepo amatero, papita chaka. Ine mwini wake osadziwa. Ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso.

Ndiye ndaganiza chonchi. K70,000 ipite ku lebulo yatsopano yokhala ndi dzinalo ndi masiku aja. K60,000 ku timabolodi, ndiyambe ndi ziwaya zisanu ndi chimodzi. K30,000 ikhale ya mabotolo olawitsa. Yotsalayo ndisunge ya ulendo wa ku Blantyre kukafunsa ku MBS. Mwana wa mchemwali wanga akwatiwa mu August, ndipo ndamuuza kale mayi ake za timabotolo ta mayina, avomera.

Aphunzitsi, wayilesi sindinaitaye, ndiyamba ndaona mmene miyezi itatu iyendere. Achimwene a ku Joni, zotsekera zimene ndikugwiritsa ntchito pano zimadontha botolo likagona, ndiye ndikufufuza zina zokhala ndi chidindo cha pulasitiki, ndikazipeza ndidzalemba pano.

Bambo a ku Limbe, funso limodzi. Anyamata aja ziwaya zawo zili pansi pa denga la malata lotsika kwambiri, ndipo utsi umadetsa chilichonse chili pamwamba. Bolodi ndilikhomere kutsogolo kwa tebulo m'munsi, kapena pa mtengo wa pambali? Ndipo likhale lalikulu bwanji kuti munthu ali pawindo la minibasi athe kuwerenga?