Maphunziro ndi a Chingerezi koma moyo wonse ndi wa Chijeremani: ndiyambire pati?

Wongofika kumene:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndakhala ku Germany miyezi isanu, ndikuchita digiri yachiwiri yomwe imaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo m'kalasi zonse zikuyenda bwino. Vuto limayamba ndikangotuluka pa yunivesite. Sabata yatha ndinalandira kalata ya mwini nyumba, ndinakhala nayo ola lathunthu foni ili m'manja kumasulira liwu limodzilimodzi, koma mpaka pano sindikudziwa ngati akundichenjeza kapena akungondidziwitsa. Anzanga amayamba kucheza m'Chingerezi chifukwa cha ine, koma nkhani ikakoma amabwerera ku chinenero chawo, ine n'kumangomwetulira ngati ndikumva. Kodi ndiyenera kutayira nthawi chinenero chimene maphunziro anga sakuchifuna?

Mayi wa ku Leipzig:
Achimwene, nthawi imeneyo si yotaya ayi. Luso la chinenero kuno amaliyesa kuyambira A1 (gawo la oyamba kumene) mpaka C2 (gawo lapamwamba kwambiri), ndipo B1, gawo lachitatu, ndi imene amafuna kwa munthu wopempha unzika. Ngakhale kosi yaboma ya anthu odzakhazikika imapatula maola 600 kuti akhale a chinenero, pomwe a malamulo, mbiri ndi chikhalidwe cha dzikoli ndi 100 okha. Inu funsani kaye ku yunivesite kwanu, apo ayi kalembetseni makalasi a madzulo ku Volkshochschule, sukulu ya anthu akuluakulu yomwe imapezeka pafupifupi m'tawuni iliyonse.

Bambo wa ku Munich:
Mayiwa anena zoona, koma kalasi yokha siikupatsani anzanu. Ine ndinakhoza B1 ndili wosungulumwabe, chifukwa ndikangodzandira pa liwu limodzi, wondimvayo ankasinthira ku Chingerezi pofuna kundichitira chifundo. Zinasintha nditalowa kwaya ina ya m'dera lathu n'kuwapempha poyera kuti asamandisinthire chinenero ngakhale ndilakwitse chotani. Kumeneko ndinazolowera kalankhulidwe ka anthu a ku Bavaria, chigawo chathu chino, kamene kamasiyana kwambiri ndi ka m'buku. Chimodzi chokha chimene sichidzakuvutani ndi ulemu, pakuti "Sie" ndi "du" zimayenda ngati "inu" ndi "iwe". Tsiku limene gogo wina wa m'kwayamo anandiuza kuti tizitchulana "du", ndinapita kunyumba mtima uli mbee.

Namwino wa ku Bremen:
Za kalatayo musazengereze. Yang'anani ngati muli mawu akuti "Frist", chifukwa amatanthauza tsiku lomaliza loti muyankhe kapena mulipire. Mukawapeza, pitani nayo mawa lomwe ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja kuti akuwerengereni.

Wongofika kumene:
Zikomo kwambiri nonse. Mawuwo alimodi, ndipo tsiku lake ndi Lachisanu likudzali, choncho mawa ndilawirira ku ofesiko.