Ana amaphokosera pa masewera, koma pa siteji mawu akuzimirira

Mphunzitsi wa zisudzo, Rosettenville:
Anzanga apantchito, ndathedwa nzeru ndipo tsiku la sewero layandikira. Gulu langa la Loweruka muno mu Johannesburg, ana a zaka 12 mpaka 15 amene makolo awo ndi ochokera ku Malawi, limaphokosera mpaka kumsewu tikamachita masewera otenthetsa thupi, koma ndikangomuimika mmodzi pa siteji kuti alankhule yekha, mutu umawerama, mapewa amakwera, ndipo wokhala pa benchi yachitatu samva kanthu. Zopumira m'mimba tachita, zomasula nsagwada tachita, mawu analoweza kale. Mtsikana amene ali ndi mbali yaikulu amalankhula akuyang'ana simenti, pomwe mnyamata wina mawu ake ayamba kusintha ndipo anzake akamuseka amangoti zii. Holo imene timabwereka ilibe maikolofoni. Kodi ndikuphonya pati?

Mkulu wa kwaya, Yeoville:
Achemwali, anawo mukuwanyengerera. Ife amene tinapikisana nawo pa zisudzo za ATEM (bungwe la aphunzitsi a Chingerezi ku Malawi) kumudzi tinkaimikidwa pa golo imodzi ya bwalo la mpira, aphunzitsi ali pa golo inayo, ndipo sunkachoka mpaka liwu lililonse liwafike. Atulutseni panja mmodzimmodzi, manyazi atha okha.

Mphunzitsi wa Creative Arts, Turffontein:
Bambo, njira imeneyo ndikuiopa kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo mu June ndi July mpweya umakhala wouma kwambiri, choncho mwana wamantha akauzidwa kuti akweze mawu amafinya pakhosi, osati kukankha mpweya kuchokera m'mimba. Ndinaonapo mtsikana atasasa mawu kutatsala masiku ochepa kuti sewero lichitike, mbali yake n'kuperekedwa kwa wina, ndipo sanabwererenso ku gulu. Ayambe ndi "mmm" milomo ili yotseka mpaka amve kunjenjemera pamphuno, kenako atsegule pakamwa pang'onopang'ono, botolo la madzi lili pafupi. Musawalole kunong'ona poganiza kuti akupumitsa mawu, chifukwa kunong'ona nakonso kumatopetsa pakhosi. Mnyamatayo musamukakamize konse, kholingo lake likukula ndipo mawu akhazikika okha. Kusasa kukapitirira masabata awiri kapena atatu, makolo apite naye kwa dokotala.

Mayi wophunzitsa ndakatulo, Hillbrow:
Achemwali, simunatiuze kuti sewerolo lili m'chilankhulo chanji. Ana athu ambiri anasekedwapo kusukulu chifukwa chosakaniza "l" ndi "r", ena anatchedwapo makwerekwere, dzina lonyozera obwera kuchokera kumayiko ena, ndipo anaphunzira kuti kulankhula motsitsa n'kudziteteza. Pagulu palibe amene amamva katchulidwe ka munthu mmodzi, n'chifukwa chake amaphokosera momasuka. Ine ndinali ndi mnyamata amene sankamveka ngakhale uli naye pafupi, koma nditawakhazika mozungulira n'kumupempha kuti asimbe nthano, iye akuti "Padangokhala", anzake akuvomera "Tili tonse", mawu anatuluka popeza sanalinso yekha. Kenako ndinkakulitsa bwalolo pang'onopang'ono mpaka ovomerawo anakafika kukhoma. Chenjerani komabe, ena anabadwira konkuno ndipo Chizulu amachidziwa kuposa Chichewa, kotero mukawaumiriza Chichewa mudzangowonjezera manyazi ena.

Mkulu wa kwaya, Yeoville:
Amayi, masewero a ATEM anali m'Chingerezi, ndipo "l" ndi "r" tinkasakaniza ndithu, koma tinkamveka. Tsiku la sewero sipadzakhala womuvomera. Mwana aime yekha.

Mphunzitsi wa zisudzo, Rosettenville:
Lili m'Chingerezi, amayi, chifukwa makolo anapempha choncho. Ndimaganiza zolisintha kuti anawo asewere nkhani zawo zomwe za kusekedwazo.

Wochita zisudzo, Newtown:
Apo pondani mosamala, achemwali. Kumanga sewero kuchokera pa zimene ochita ake anaziona ndi njira yodziwika kuno, wotsogolera zisudzo Barney Simon ankagwira ntchito choncho ku Market Theatre muno mu Newtown, ndipo ya Augusto Boal wa ku Brazil, yoti woonera aimitse sewero n'kulowa m'malo mwa woponderezedwa, imathandizadi. Koma mabanja ena anathamangitsidwa pa ziwawa zolimbana ndi obwera kuchokera kumayiko ena za 2008 ndi 2015, ndipo simudziwa chimene mungavundukule mwa mwana. Ine mtsikana wina analira pakati poyeserera, bambo ake n'kubwera ali lawilawi, ndinalibe chowayankha. Mwana asasewere nkhani yake yomwe, isintheni mayina ndi malo n'kuipereka kwa mnzake. Musajambulenso poyeserera kuti muwaonetse zolakwa, chifukwa kanemayo akangolowa pa WhatsApp mwamutaya mwanayo, komanso lamulo la POPIA, la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu, limafuna chilolezo cha kholo. Nthawi ikakhala yochepa chonchi, kusintha sewero lonse ndi kowopsa kuposa kugawa mbali yaikuluyo kwa atsikana awiri.

Mkulu wa kwaya, Yeoville:
Mukaigawa mbaliyo mwamuuza mtsikanayo kuti walephera. Ndanena kale, bwalo la mpira lilipo, ndipo ine ndikhoza kubwera Loweruka kudzaima pa golo inayo.

Mphunzitsi wa Creative Arts, Turffontein:
Musanavomere zimenezo, achemwali, tiuzeni kaye kutalika kwa holoyo komanso ngati denga lake ndi la malata, popeza mwina benchi yachitatuyo ikumva kubwerezabwereza kwa phokoso, osati kuchepa kwa mawu.